Galimoto yomwe mwangogula ikudya oyilo? Mafunso ndi mayankho ochokera pa galaja ya ku Chipata

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ndalama za soya, nsawa, fodya ndi chimanga chogulitsa ku FRA, bungwe la boma logula chimanga, zikalowa m'matumba, pa galaja pathu sipatha sabata osabwera munthu ndi galimoto yomwe wangogula. Ena amangofuna kuti tiyimvere injini. Ena amafika nkhope ili ndwii, atatsegula boneti m'mawa n'kupeza oyilo watsika. Mafunso awo ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, ndiye ndawasonkhanitsa pano monga mmene eni ake amawafunsira, ndi mayankho amene ndimapereka nditakhala pa sitolo ya matayala kuseri kwa galaja.

Ndagula galimoto yanyuwani ku Lusaka, yosayendapo ndi munthu wina, koma oyilo akutsika. Kodi andigwira m'maso?

Mwina ayi. Palibe injini imene sidya oyilo ngakhale pang'ono. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika mu silinda, khoma la silindayo limayenera kukhala lonyowa ndi oyilo, apo ayi zitsulo zidyana. Mapisitoni ambiri ali ndi maling'i atatu: awiri apamwamba amatsekera mphamvu ya moto, lachitatu lapansi limapala oyilo pakhoma n'kumubweza ku sampu, beseni la pansi pa injini mmene oyilo amakhala. Koma silipala wonse. Kamafuta kochepa kamatsalira n'kupsa pamodzi ndi petulo, ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa mphindi imodzi yokha.

Injini ikakhala yatsopano, maling'i ndi khoma la silinda zimakhala zisanazolowerane, ngati nsapato yatsopano ndi phazi. Pa makilomita oyambirira imatha kudya koposa mmene idzadyere ikakhazikika. Mabuku a Volkswagen amanena poyera kuti kudyaku kumatha kukhala kokwera m'makilomita 5,000 oyamba. Kuwonjezera apo, injini za masiku ano amazipanga ndi maling'i ofewa, osakanikiza khoma mwamphamvu, komanso amazipatsa oyilo wopyapyala ngati 0W-20, zonsezo pofuna kuti galimoto isamamwe petulo wambiri. Chimene mwapulumutsa pa pampu, pang'ono pake chimatulukira ku oyilo.

Ndiye kutsika kokha si mlandu. Funso ndi lakuti watsika bwanji pa mtunda wotani, ndipo kodi kutsikako kukuchepa kapena kukukula.

Nanga kudya koyenera ndi kotani, kopitirira ndi kotani?

Apa ndi pamene ine ndi mabuku a opanga magalimoto timasiyana. Mabuku ambiri a Toyota amaika malire pa lita imodzi pa makilomita 1,000. A Volkswagen amati theka la lita pa makilomita 1,000. Manambala amenewa amaikidwa motakasuka dala, kuti kampani isamakhale ndi mlandu pa galimoto iliyonse imene yatsitsa oyilo.

Tiyeni tiwerengere ndi msewu wathu. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, kupita ndi kubwera n'kupitirira pang'ono 1,100. Galimoto yaing'ono imasunga oyilo wokwana malita anayi kapena kuchepera. Ngati ikudya lita pa 1,000, ulendo umodzi wa ku Lusaka lita yapita. Mukamachita sevisi pa makilomita 5,000 aliwonse, ndiye kuti pakati pa sevisi ndi sevisi yamwa malita asanu, oposa amene munathira poyamba. Buku likhoza kunena kuti zili bwino, koma thumba lanu likudziwa kuti sizili bwino.

Muyeso wanga ndi uwu, ndipo ndi wa ine makanika, si wa kampani: galimoto yathanzi izitha kuchoka pa sevisi kufika pa sevisi ina oyilo asanatsike kupyola kadontho kapansi ka pa dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Ikamafuna lita pa maulendo atatu a ku Lusaka, muziiyang'anira. Ikamafuna lita pa ulendo umodzi, ili ndi nthenda, ngakhale ogulitsa akane.

Ndingadziwe bwanji kuti ikudya wochuluka bwanji? Ndikamayeza, lero ali apa, mawa ali apo.

Chifukwa chake n'chakuti mumayeza mosiyanasiyana. Chipata ndi wa zitunda, ndipo mabwalo ambiri a nyumba ndi opendekeka. Galimoto ikaima mphuno ili kumtunda, dipisitiki imanama. Mukayeza mutangozimitsa injini, imanamanso, chifukwa oyilo wina akadali kumutu kwa injini, sanatsikire ku sampu.

Sankhani malo amodzi athyathyathya, ndipo muziyezera pomwepo nthawi zonse, m'mawa injini isanalizidwe, kapena patapita mphindi khumi mutazimitsa. Solorani dipisitiki, pukutani ndi kansalu koyera, bwezerani mpaka igunde, soloraninso. Muwerenge kachiwiriko. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchoka pa kadontho kapansi kufika pa kapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi, ena lita ndi theka. Buku la galimoto limanena.

Kenako gulani kakope ka ana a sukulu kazikhala m'galimoto. Dzazani oyilo mpaka kadontho kapamwamba, lembani tsiku ndi makilomita a pa wotchi, jambulani dipisitiki ndi foni. Mukayenda makilomita 1,000 yezaninso, ndipo pothira wowonjezera muzidziwa kuti mwathira botolo la 500 ml lathunthu kapena theka lake. Mukachita zimenezi katatu, muli ndi nambala imene palibe angakutsutseni. Anthu ambiri amabwera kwa ine ndi mawu akuti "ikudya kwambiri, a makanika", koma ndikafunsa kuti pa makilomita angati, amayang'ana kumwamba. Wobwera ndi kakope ndimamuthandiza msanga, ndipo nthawi zina ndimamubweza osamulipiritsa kanthu chifukwa manambala ake akuonetsa kuti galimoto ilibe vuto.

Yanga si ya mu shopu, ndaitanitsa ku Japan. Paja amaziyeza zisanakwere sitima?

Amaziyeza, koma kuyezako n'kofuna kuona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu: mabuleki, magetsi, matayala, dzimbiri ndi zotero. Palibe amene amaiyendetsa makilomita 1,000 kuti aone mmene oyilo akutsikira.

Kuno tikati galimoto yatsopano nthawi zambiri timatanthauza zimenezi, yatsopano kwa ife koma yoti inakhala ndi mwini wake kwina zaka zingapo. Makilomita ochepa a pa wotchi asakusangalatseni msanga. Galimoto imene moyo wake wonse inkayenda timaulendo tifupitifupi m'tauni, injini osatentha mokwanira, sevisi n'kumadumphidwa, imatha kukhala ndi phala lakuda m'kati ngakhale wotchi ikunena 60,000. Phala limenelo ndi limene limamata ling'i lopala oyilo lija mu mzere wake, n'kutseka timabowo tobwezera oyilo. Funsani pepala lotulutsira galimoto m'dziko la Japan. Pamalembedwa makilomita amene inali nawo pa kuyezedwa kwa boma komaliza, ndipo mukhoza kuyerekeza ndi a pa wotchi.

Chinanso: galimoto yochokera ku doko la Dar es Salaam imabwera ikuyendetsedwa, ulendo wa makilomita oposa 1,500, nthawi zambiri ndi dalaivala amene akuthamangira kukatenga ina. Muuzeni asananyamuke kuti asinthe oyilo ndi fyuluta, ajambule dipisitiki ku Dar, ajambulenso pa boda, ndipo inu muyeze ikafika. Ulendo umenewo ndi mayeso aulere a injini yanu. Musautaye.

Ndikukagula kwa munthu kapena pa yadi yogulitsa magalimoto. Ndisanapereke ndalama ndiyang'ane chiyani?

Choyamba ndi chachikulu pa zonse: muipeze itazizira. Panganani kuti mufika m'mamawa ndipo asailize inu musanafike. Mukafika, gwirani boneti ndi injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, funsani chifukwa chake, kenako mubwerenso mawa.

Ndikunena izi chifukwa ineyo, amene ndimadya za spanala, ndinagwa nazo. Zaka zapitazo ndinakagula kagalimoto ku Lusaka. Ndinafika masana, wogulitsa anali atandidikira ndi injini ikulira kale, akuti anapita kukaitsukitsa. Oyilo pa dipisitiki anali woyera ngati uchi. Ndinakondwa, ndinalipira, ndinauyamba wa kum'mawa. Pa Luangwa Bridge ndinaima kugula nsomba zouma, boneti osatsegula, pakuti oyilo ndinamuona ndekha dzulo lake. Nditadutsa Nyimba, pa kona ina kanyali kofiira ka oyilo kanaphethira kamodzi n'kuzima. Pa kona yotsatira kanaphethiranso. Nditaima n'kusolola dipisitiki, kumapeto kwake kokha ndi kumene kunali konyowa. Kumbuyo, bampala yonse pamwamba pa ekizozi inali ndi mwaye wonata. Ndinafika ku Petauke ndi oyilo wopempha kwa dalaivala wa Canter, ndipo mwezi wotsatira injini inali pa benchi.

Ndiye chitani zimene ine sindinachite. Wina alize injini yozizira, inu muime kumbuyo mukuyang'ana ekizozi. Lowetsani chala m'paipi ya ekizozi isanatenthe: mwaye wouma si wodetsa nkhawa, koma wonata ngati girisi ndi oyilo. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo, unikani m'kati ndi tochi ya foni. Zitsulo zikamaoneka zoyera kapena zofiirira pang'ono, mwini wake ankachita sevisi. Mukaona phala lakuda lomatirira, kapena zoyera ngati chambiko pansi pa chotsekera, samalani. Zoyerazo zimatha kutanthauza kuti madzi akulowa mu oyilo. Injini ikulira payokha, masulani chotsekeracho pang'onopang'ono: kampweya kochepa n'kabwinobwino, koma ikamafuka phu phu phu ngati mbaula, mphamvu ikudutsa m'maling'i.

Kenako muiyendetse, osati kuzungulira msika wa Kapata n'kubwerera ayi. Ipezereni chitunda, mnzanu akutsatireni pambuyo ndi galimoto ina. Kwerani mutaponda, tsikani muli mu giya phazi mutachotsa pa moto, ndipo pofika pansi pondaninso. Ngati pali utsi wobisala, umatulukira pamenepo. Mukabwerera, imitsani pamalo ouma, dikirani pang'ono, suzumirani pansi.

Oyilo watsopano kwambiri ndi injini yotsukidwa mpaka kunyezimira sizitsimikiza kuti wogulitsa ndi wakuba, koma zimafufuta umboni. Ndipo ngati galimotoyo ndi ya ndalama zambiri, lipirani makanika wanu, osati wa wogulitsa, amasule mapulagi aone ngati ali ndi makoko a oyilo wopsa, ayezenso kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Safunsa anadya phula.

Kompuresheni atayeza anati ili bwino. Ndiye kuti siidya oyilo?

Sizitanthauza choncho. Geji ya kompuresheni imayeza maling'i awiri apamwamba ndi ma valve. Ling'i lopala oyilo likhoza kukhala litamatirira, injini ikumwa oyilo, kompuresheni ili yokwera bwinobwino, mwinanso kukwezedwa ndi oyilo yemweyo amene wadzaza mipata. Kuyezako kumathandiza kugwira injini yotheratu, koma sikulowa m'malo mwa kakope.

Utsi wake ndiusiyanitse bwanji?

Wabuluu, wonunkha ngati oyilo wogwera pa mbaula, ndi oyilo. Wakuda ndi petulo kapena dizilo wochuluka wosapsa bwino. Woyera wokhuthala umene sutha injini ikatentha, madzi a mu radiator nawo n'kumatsika, ndi gasiketi ya kumutu. Kanthunzi koyera ka m'mawa wa June ndi July, kamene kamatha pakapita mphindi zochepa, n'kuzizira chabe.

Nthawi imene wabuluuwo ukutuluka imanenanso kumene kuli nthenda. Ukatuluka polizira m'mawa n'kusiya, kawirikawiri ndi ma seal a ma valve amene auma, oyilo n'kumadonthera m'masilinda usiku. Ukamatuluka mukaponda kwambiri kapena pa chitunda, ganizirani maling'i. Pa galimoto ya turbo, onaninso m'mapaipi a mpweya ngati muli oyilo wambiri.

Pansi sipadontha, utsi sindikuuona, koma oyilo akutha. Akupita kuti?

Akupsa ndithu, kungoti pang'onopang'ono. Catalytic converter ya mu ekizozi imawotcha utsi wambiri usanatuluke, choncho injini imatha kudya lita yathunthu inu osaona kanthu pagalasi. Zotsatira zake n'zakuti pakapita nthawi converter imatsekeka, galimoto imayamba kulemera pokwera, nyali ya injini n'kuyaka.

Musanalole kuti akuphwasulireni injini, aone kaye kavalavu kotchedwa PCV, kamene kamakhala pa chivundikiro cha pamwamba pa injini. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya wa m'sampu n'kuubweza kuti ukapse. Kakafa, kamakoka oyilo n'kumupititsa kumoto, kapena kamatsekeka mpweya n'kuyamba kukankha ma seal. Ndi kachitsulo kotchipa, kosintha pa mphindi zochepa, koma ndaonapo anthu akugulitsa ng'ombe kulipira ovaholo, ntchito yophwasula ndi kukonzanso injini yonse, pamene vuto linali komweko. Aonenso kudontha kumene sikufika pansi: gasiketi ya chivundikiro ikamadonthezera pa ekizozi yotentha, oyilo amapsera pomwepo, inu mumangomva fungo mukaima.

Kodi pali injini zimene zimadziwika ndi khalidwe limeneli?

Zilipo, ndipo si mphekesera za pa galaja. Injini ya Toyota ya malita 2.4 yotchedwa 2AZ-FE ndi imodzi. Mu 2011 kampaniyo inatumiza chidziwitso kwa ma dila ake ku America chokhudza magalimoto ngati Camry ndi RAV4 a zaka za m'ma 2006 mpaka 2009, ndipo mankhwala ake anali kusintha mapisitoni ndi maling'i. Muyeso umene ankagwiritsa ntchito unali wa oyilo wochepera pang'ono lita imodzi pa makilomita pafupifupi 1,900. Taonani, muyeso umenewu ndi wothina kuposa uja wa m'buku wa lita pa 1,000. Injini yomweyi imapezeka m'magalimoto amene timaitanitsa kuno, monga Alphard, Estima, Harrier ndi Vanguard.

Ya malita 1.8 yotchedwa 1ZZ-FE, ya mu Allion, Premio, Wish ndi Corolla zina, zopangidwa chisanafike chaka cha 2005 zinkatsekeka timabowo tobwezera oyilo pa pisitoni, ndipo kenako anakonza kapangidwe kake. Injini za 2.0 turbo za petulo za Audi za m'ma 2009 mpaka 2011 zinafika nazo kukhoti ku America pa nkhani yomweyi, chimodzimodzinso za Subaru za mtundu wa FB zoyambira mu 2011.

Sindikuti musagule magalimoto amenewa. Ambiri akuyenda mu Umodzi Highway tsiku ndi tsiku popanda chovuta, ndipo zipangizo zake sizisowa. Ndikuti mukaona dzina la injini limeneli pa kapepala ka m'boneti, yesani kawiri zonse ndanena pamwambapa, ndipo mtengo muukambe mukudziwa.

Anzanga a pa renki akuti ndingothira 20W-50 kapena SAE 40, kudya kutha. Zoona?

Pa injini zakale, zotakasuka m'kati, monga za minibasi zakale zija, oyilo wokhuthala amachepetsadi kudya ndipo ndi amene zinapangidwira. Pa injini ya masiku ano ya VVT-i kapena ya turbo, nkhani ndi ina. Muli tinjira ta oyilo topapatiza kwambiri, ndipo oyilo yemweyo ndi amene amasuntha makina osinthira nthawi ya ma valve. Wokhuthala amachedwa kufika kumutu m'mawa, ndipo kudyeka kwambiri kwa injini kumachitika pa masekondi oyambirira amenewo.

Anthu amati kuno n'kotentha, oyilo wopyapyala amasanduka madzi. N'zoona kuti October wa ku chigwa, ku Mfuwe kapena ku Chama, sasewera. Koma yankho lili m'buku la galimoto, limene nthawi zambiri limalola mitundu ingapo malinga ndi nyengo. Ngati likulola kuchoka pa 0W-20 kupita pa 5W-30, kwerani sitepe imodzi imeneyo. Osadumpha makwerero onse. Ndipo ngati galimoto ili pa walanti, lonjezo la ogulitsa loikonza ikavuta, thirani chokhacho chimene buku lanena ndi kusunga malisiti, chifukwa tsiku lodandaula funso loyamba lidzakhala limenelo.

Nanga timabotolo tija ta mankhwala oletsa utsi?

Ambiri ndi oyilo wokhuthala ngati uchi basi. Amabisa utsi kwa masabata angapo, sabweza chitsulo chimene chadyeka. Amene amawakonda kwambiri ndi ofuna kugulitsa galimoto, n'chifukwa chake pogula muzitenga kadontho ka pa dipisitiki pakati pa zala ziwiri n'kuona ngati kakutamuka ngati therere.

Yanga ndi ya dizilo, ndipo oyilo sakutsika, akukwera. Si mwayi umenewu?

Ayi, bambo, ameneyo si oyilo wobereka. Ndi dizilo amene akulowa m'sampu. Pa magalimoto atsopano okhala ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, injini imapopera dizilo wowonjezera kuti iwotche mwayewo, ndipo imafuna ulendo wautali kuti imalize. Mukamangoyenda kuchoka kunyumba kupita ku Down Shops n'kuzimitsa, dizilo wina amatsetserekera mu oyilo. Ma injector odontha amachitanso zomwezo. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo amapyapyala, samateteza zitsulo. Nunkhizani dipisitiki, fungo la dizilo silibisika. Sinthani oyilo msanga, pezani gwero lake, ndipo galimoto yotere muziipatsa ulendo wa ku Katete kapena ku Sinda nthawi ndi nthawi. Imafunanso oyilo wakewake wa phulusa lochepa, osati aliyense wolembedwa kuti ndi wa dizilo.

Kodi si ntchito ya kanyali ka pa dashibodi kundiuza kuti oyilo watha?

Kanyali kofiira kooneka ngati ketulo sikayeza kuchuluka kwa oyilo, kamayeza mphamvu imene pampu ya oyilo ikumukankhira. Pamene kakuyaka, pampu yayamba kale kukoka mpweya. Imani pomwepo, zimitsani, ngakhale mutatsala pang'ono kufika. Makilomita awiri oyenda ndi nyali imeneyo ndi okwanira kunokesa injini. Magalimoto ena ali ndi kena kachikasu kochenjeza kuti oyilo watsika, koma ambiri amene tili nawo kuno alibe.

Ndabwerera kumene ndinagula, akuti n'zabwinobwino. Nditani?

Ngati ndi yanyuwani ya walanti, musakangane ndi pakamwa. Pemphani kuti achite mayeso a kadyedwe ka oyilo: iwo adzaze okha, alembe makilomita pa job card, ena amamatanso chizindikiro pa chotsekera ndi pa boti ya sampu, inu muyende mtunda umene mwagwirizana, mubwerere ayeze inu muli pomwepo. Onetsetsani kuti podzaza sanapyoze kadontho kapamwamba, chifukwa akapyoza, kutsikako kudzaoneka kochepa. Dandaulo lililonse lilembedwe, ndipo mutenge pepala lanu. Phindu lake n'lakuti vuto likadzakula walanti itatha, muli ndi umboni woti munanena nthawi idakalipo. Kwa ife a kuno zimenezi zimatanthauza maulendo a ku Lusaka, ndiye funsani musanagule kuti sevisi ya walanti muzikachitira kuti, ndipo mukachitira kwina walantiyo ikhalabe kapena ayi.

Mukaona kuti akukuzungulitsani, kuli bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, logwira ntchito pansi pa lamulo la 2010 loteteza ogula, limene limalandira madandaulo a katundu wosayenera. Pitani ndi mapepala: lisiti, pangano, ma job card ndi kakope kaja.

Ngati munagula kwa munthu wamba n'kusainirana kuti mwaitenga mmene iliri, njira ndi yopapatiza. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti pa pepala la malonda alembetsepo zimene wogulitsa wanena ndi pakamwa. Amene akulumbira kuti galimoto yake siidya oyilo asavutike kulemba chiganizo chimodzi chimenecho. Akayamba kukanda mutu, mwamva kale yankho.

Ikudyadi. Ndipange ovaholo, ndigule injini ina, kapena ndizingothira?

Zimatengera manambala a m'kakope ndi ntchito ya galimotoyo. Mayi wina wa ku Chadiza, mphunzitsi, amayenda makilomita osafika 500 pa mwezi, ndipo galimoto yake imafuna lita pa 2,000. Ndinawauza kuti, amayi, lita imodzi pa miyezi inayi si chifukwa chotsegulira injini. Sungani botolo m'buti, muziyeza Loweruka lililonse. Papita zaka akuyendabe. Koma wa takisi ya Chipata–Lundazi wa kadyedwe komweko amathira sabata iliyonse, mapulagi amadetsedwa, ndipo tsiku limodzi dalaivala wake adzaiwala. Ameneyo akonze.

Pokonza yambani ndi zotchipa: PCV, zodontha, ma seal a ma valve. Ovaholo ikhale yomaliza, ndipo ikhale yeniyeni. Kungoika maling'i atsopano m'masilinda odyeka, osayeza ndi geji, osatsegula timabowo ta pa pisitoni, ndi kutaya ndalama. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi utsi umabwerera. Injini ya kaunjika nayo ndi mwayi chabe, makamaka ikakhala ya mtundu womwewo wodziwika ndi vutoli. Pogula vundukulani chivundikiro cha pamwamba muone m'kati, ndipo mugwirizane masiku oti mukhoza kuibweza.

Yanga panopa siidya. Ndiisunge bwanji kuti isayambe?

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi. Galimoto imene imalowa m'misewu ya dothi ya ku Vubwi kapena kukatenga mbewu m'midzi m'chilimwe imapuma fumbi tsiku lonse, ndipo fumbi likadutsa air cleaner limasanduka sandipepala m'masilinda. Muzitsegula bokosi la air cleaner kawirikawiri. Mukapeza fumbi kuseri kwa fyuluta, m'paipi yopita ku injini, ndiye kuti fyulutayo ndi yabodza, yang'ambika, kapena bokosi silikutseka bwino. Chizolowezi chopopera fyuluta ndi mpweya wamphamvu wa kompuresa chimaboola pepala lake ngakhale maso asaone.

Wachiwiri ndi oyilo wosadziwika kumene wachokera, wopimidwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu. Wina ndi wabwino wochokera mu dramu, wina ndi wakale wosefedwa, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Gulani wotsekedwa, pamalo odziwika, wokhala ndi zilembo za API, zosonyeza giredi ya oyilo, zogwirizana ndi buku lanu. Kwa misewu yathu, ine sindidikira makilomita ambiri amene mabuku a ku Ulaya amalola. Pa 5,000 ndimasintha, pamodzi ndi fyuluta. Chachitatu ndi kutenthetsa injini: kuwira kamodzi kokha kumatha kufooketsa maling'i ndi kuumitsa ma seal, ndipo injini zambiri zimene ndatsegula zinayamba kudya oyilo pambuyo pa tsiku limene fani inafa kapena paipi ya madzi inaphulika.

Kwa a yanyuwani, makilomita 1,000 oyamba musaisenzetse matumba a feteleza mpaka kukhala pansi, musaikokere ngolo, komanso musaigwire pa liwiro limodzi kuchoka ku Chongwe mpaka ku Nyimba. Muzisinthasintha, maling'i akhale bwino.

Popeza imadya, ndikamanyamuka ulendo wautali ndingathire wopitirira kuti andifikitse?

Musatero. Oyilo akapyola kadontho kapamwamba, crankshaft imamumenya n'kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo. Wina amakankhidwira ku ma seal, wina ku PCV, kudya n'kuwonjezeka. Pa dizilo ya turbo n'zoopsa koposa, chifukwa injini imatha kuyamba kuyendera oyilo wakewo n'kumathamanga yokha ngakhale mutachotsa kiyi. Dzazani mpaka pa kadontho basi, botolo lina likhale m'buti pamodzi ndi kansalu ndi fanelo. Popita ku Lusaka yezani pa Petauke mukamamwa tiyi, yezaninso pa Luangwa Bridge musanayambe kukwera mapiri aja, injini itapuma mphindi khumi, galimoto itaima pathyathyathya.